Ndodo kapena wilitcheya: tisawasiye agogo pakhonde tsiku la Eid

Swalah ya Eid ikangotha, m'midzi ya kwa Likoswe kuno ku Chiradzulu mumakhala piringupiringu. Ana avala zatsopano, minibasi yahayala yaima m'mbali mwa msewu wa Midima, ulendo wa kumalo achisangalalo wapsa. Ena amalowera ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ena ku Game Haven ku Bvumbwe kukaona mbidzi, enanso ku Likhubula m'tsinde mwa phiri la Mulanje. Koma pakhonde pamatsala munthu mmodzi: mayi kapena bambo wathu amene mawondo adayamba kukana. "Agogo sangathe kuyenda," timatero, nkhani n'kuthera pomwepo.

Sikuti timawada ayi. Vuto n'lakuti sitidziwa chowayendetsera, ndipo iwonso amachita manyazi kukwera chimene ambiri timachitcha njinga ya olumala. Komatu mu Surah Al-Isra, Allah adaika kuchitira zabwino makolo pambuyo penipeni pa kupembedza Iye yekha, natchulanso nthawi ya ukalamba wawo. Imam Bukhari adalembanso kuti mayi Umm Salama atadwala pa nthawi ya tawaf, Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) adawauza kuti azungulire Ka'aba atakwera chiweto. Ngati kunyamulidwa kudaloledwa pa malo opatulika otere, kulibe chochititsa manyazi pa bwalo la masewera a ana.

Tisanasankhe chida, tiyambe ndi mafunso atatu. Kodi agogo amayenda mtunda wotani asanafune kupuma? Nanga pansi pa malo tikupitawo m'potani: simenti, kapinga, mchenga kapena miyala? Chidacho chikwana m'galimoto? Munthu amene amafika yekha kumzikiti ndi ndodo akhoza kulephera pa malo amene anthu amazungulira tsiku lonse dzuwa lili pamutu.

Ndodo imakwanira kwa amene miyendo idakali ndi mphamvu koma amadzandira pang'ono. Agogo akaimirira manja ali m'mbali, chogwirira chake chifike polumikizira dzanja ndi mkono. Aigwire ndi dzanja la mbali ya mwendo wabwino, osati wopwetekawo, ndipo kunsi kwake kukhale labala kuti isaterereke pa simenti yosalala.

Chogwirira cha miyendo inayi chimalimbitsa thupi kuposa ndodo, koma chimafuna pansi posalala. Pa kapinga ndi pa miyala chimakodwa, ndipo pa mtunda wautali chimatopetsa mapewa.

Pa ulendo wa tsiku lonse, wilitcheya ndiye yankho, ngakhale kwa amene kunyumba amayenda okha. Agogo akhoza kutsika n'kuyenda pang'ono ndi ndodo, akatopa n'kukhalanso. Mpando wake usapane m'chiuno, komanso usatakasuke mpaka thupi kupendekera mbali imodzi. Pakhale khushoni, chifukwa kukhala maola ambiri pouma kumayambitsa zilonda. Mabuleki ayesedwe tisananyamuke, ndipo azimangidwa nthawi zonse agogo akamakwera kapena kutsika. Mateyala aakulu opopa amayenda bwino pa dothi kusiyana ndi timateyala ting'onoting'ono ta m'zipatala. Potsika chitsitso kapena pamalo otsetsereka kwambiri, wokankha atembenuke n'kutsika chobwerera m'mbuyo. Tivomerezenso kuti malo ena wilitcheya singafike: njira yokwera ku Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula ndi ya miyala, choncho banja lisankhe malo amene onse akasangalale limodzi.

Chida chokhalitsa tisagule mongoyerekeza. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidatulutsa m'chaka cha 2008 amatsindika kuti wilitcheya iyenera kuyezedwa pa thupi la mwini wake ndi munthu wophunzitsidwa ntchitoyo. Tingayambire pachipatala chathu chaboma, kapena kwa madokotala a mafizo ku Queen Elizabeth ndi ku Kachere mumzinda wa Blantyre.

Chimene timaiwala kawirikawiri ndicho kuwafunsa eni ake. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, si katundu wongonyamula. Tiwafotokozere mwaulemu, ayese chidacho pabwalo masiku angapo ulendo usanafike, ndipo wokankha aziyamba wanena asanasunthe njinga. Tisaiwale madzi akumwa, ambulera ndi mankhwala awo. Nthawi ya Dhuhr ikakwana, akhoza kuswali ali chikhalire pomwepo.

Mtengo wa wilitcheya ndi wolemetsa kwa banja limodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Makomiti a mizikiti ya kwa Likoswe angathe kusonkha sadaka, kugula imodzi kapena ziwiri, n'kuziika ngati waqf zoti mabanja azibwerekana. Tikayamba kusonkha lero, Eid ikubwerayi, Insha Allah, mpando wakutsogolo m'minibasi udzakhala wa agogo.