MWANA WOVUTA M'KALASI: KODI NDI MWANO KAPENA MATENDA?

Chaka ndi chaka, anyamata ndi atsikana amene akuphunzira ntchito ya uphunzitsi m'makoleji monga a ku Blantyre, Lilongwe, Kasungu, Karonga ndi Machinga amatumizidwa ku sukulu za pulayimale kukayesera kuphunzitsa. Akafika kumeneko amapeza kuti kusungitsa mwambo m'kalasi n'kovuta kuposa kukonza phunziro. Pamene Boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo mpaka lero si chachilendo kupeza ana oposa 100 mu Sitandade 1. Mphunzitsi watsopano akalephera kuwatontholetsa, mtima wake umathamangira ku chikoti.

Koma tiyenera kudziwa kuti si mwana aliyense wovuta amene ali wamwano. Ena amavuta chifukwa m'thupi mwawo simuli bwino. Motero mphunzitsi asanalange mwana, ayambe wafufuza chimene chamuchititsa.

Zimene zimaoneka ngati mwano

Njala. Mwana amene wabwera kusukulu osadya kanthu amayamba kusinza kapena kuputa anzake dzuwa likakwera, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe zambiri zatha. N'chifukwa chake mabungwe monga Mary's Meals, limene linayamba ntchito m'Malawi mu 2002, amapereka phala m'sukulu.

Kusamva bwino. Mwana amene amatuluka mafinya m'khutu kawirikawiri samva bwino. Akaitanidwa sayankha, ndipo mphunzitsi amayesa kuti akumunyoza.

Kusaona bwino. Mwana amene saona zolembedwa pa bolodi amaonera m'kope la mnzake kapena kusiyiratu kulemba.

Likodzo. Matendawa, amene amagwira ana osamba m'madzi okhala nkhono, amachititsa mwana kumva mkodzo pafupipafupi. Mwana wotere amapempha kutuluka kangapo pa phunziro limodzi, koma sikuti akuthawa ntchito. Mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka kuchipatala.

Kuchepa kwa magazi. Malungo obwerezabwereza ndi njoka zam'mimba zimachepetsa magazi, ndipo mwana amakhala wofooka ngati waulesi. Zikhatho zake ndi m'kati mwa zikope mumaoneka moyera.

Khunyu. Ulipo mtundu wina wa khunyu umene sugwetsa mwana pansi. Iye amangoti duu, maso ali tong'o kwa kanthawi kochepa, osamva chimene chanenedwa.

Zimene mphunzitsi ayenera kuchita

Sabata yoyamba iyenera kukhala yodziwana ndi ana. Phunzirani mayina awo, pakuti mwana woitanidwa ndi dzina lake amamvera msanga kuposa wongoitanidwa kuti "iwe". Onetsetsani amene amapendeketsa mutu pomvetsera ndi amene amatsinzinira poyang'ana pa bolodi, ndipo muwakhazike kutsogolo. Lembani m'kope dzina la mwana wovuta, tsiku ndi nthawi imene wavutira. Pakatha masabata awiri mudzaona ngati vutolo limabwera nthawi yofanana, monga phala lisanaperekedwe.

Zoonadi, alipo ana opulupudza amene ali bwinobwino m'thupi. Kwa oterewa pamafunika malamulo ochepa, anayi kapena asanu, opangana ndi anawo ndi osasinthasintha. Khalani ndi chizindikiro chimodzi chotontholetsera kalasi, monga kuwomba m'manja katatu, m'malo mokuwa. Mwana akayamba kusokosa, pitani mukaime pafupi naye uku mukupitiriza kuphunzitsa. Mpatseni udindo wogawa mabuku kapena kufufuta pa bolodi, ndipo mumuyamikire akachita bwino. Ngati pafunika chidzudzulo, mumudzudzule payekha, osati pamaso pa anzake.

Chilango chiyenera kugwirizana ndi cholakwa. Amene wataya zinyalala azitole, ndipo amene wang'amba buku la mnzake alimate ndi kupepesa. Musamane mwana phala, musamuletse kupita kuchimbudzi, ndiponso musamuimike padzuwa.

Nanga chikoti?

Unduna wa Zamaphunziro umaletsa kumenya ana m'sukulu, ndipo ndime 19 ya malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 imaletsa chilango chankhanza kapena chonyazitsa munthu. Khofi la pakhutu likhoza kuboola nembanemba ya m'kati mwa khutu, mwana n'kuleka kumva bwino. Chikoti chophonya chikhoza kuvulaza diso. Komanso mwana womenyedwa amangophunzira mantha, ndipo ena amaleka sukulu asanadziwe kuwerenga. Tsono taganizirani mwana amene wamenyedwa kaamba kosayankha, pamene funsolo sanalimve n'komwe!

Mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi wophunzira ntchito asachite manyazi kufunsa nzeru kwa mphunzitsi womulangiza kapena kwa mphunzitsi wamkulu. Iwowa ndiwo angaitane makolo ndi kuwalangiza kuti apite ndi mwanayo kuchipatala, kapena kudziwitsa mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Makolo nawonso auzeni aphunzitsi za matenda a mwana wanu sukulu ikangotsegulidwa. Mwana akapimidwa ndi kulandira chithandizo msanga, nthawi zambiri uja ankatchedwa wamwano amayamba kumvetsera ndi kukhoza bwino m'kalasi.