Makala a m'galimoto: tikugulitsa mpweya wa anzathu

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, kuno ku Kasungu galimoto zimachuluka. Mlimi amene mabelo ake ayenda bwino amaitanitsa Sienta kapena Probox kuchokera ku Japan, imatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Ana a eni maesiteti nawo amafuna zothamanga, zamatayala aakulu ndi zaphokoso.

Mmodzi mwa anyamata oterewa ndinamuphunzitsa sayansi zaka zapitazo pasukulu ya sekondale yoyendera imene ndimagwirapo ntchito. Mwezi watha anandipeza ndikudikira basi pamsewu wa M1, ali m'galimoto yofiira yotsitsidwa pafupi ndi nthaka, ikubangula ngati mkango. Anandinyamula mwaulemu. Tili m'njira anandiuza monyadira kuti: "Aphunzitsi, ndinachotsa makala. Pano ikupuma bwino, komanso anandipatsa ndalama yooneka." Nditatsika, malaya anga ankanunkha petulo ndipo mutu unkandiwawa.

Amene amakaniko amawatcha makala si a pambaula ayi. Dzina lake lenileni ndi catalytic converter. Ndi chitini chachitsulo chimene chimakhala papaipi ya ekizozi, kufupi ndi injini. M'kati mwake muli chinthu choumbidwa ndi dongo lootcha, chokhala ndi timabowo tambirimbiri ngati chisa cha njuchi. Timabowoto anatipaka pang'ono zitsulo zitatu zamtengo wapatali: platinum, palladium ndi rhodium.

Ntchito yake ndimaiphunzitsa m'kalasi chaka ndi chaka. Injini ikamatentha petulo imatulutsa zinthu zitatu zoopsa: mpweya wa carbon monoxide, mafuta osapsa bwino, ndi mipweya ya nitrogen oxides imene imapweteka mapapo. Utsi ukamadutsa m'timabowo tija titatentha kwambiri, zitsulozo zimausandutsa carbon dioxide, nthunzi ya madzi ndi nitrogen, imene ili kale yambiri mumpweya umene timapuma. Chodabwitsa n'chakuti zitsulozo sizitha, zimangofulumizitsa kusinthako. Makala abwino amachotsa poizoni woposa magawo 90 pa 100 alionse.

Carbon monoxide timamudziwa kale kumudzi, ngakhale sitimutchula dzina. Ndi yemwe uja amapha banja lonse likagona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June. Saoneka, sanunkha. Amalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Choncho makala a pambaula amatulutsa poizoni ameneyu, pamene makala a m'galimoto amamuchotsa.

Chipangizochi chili ndi mbiri yake. Katswiri wa ku France, Eugene Houdry, ndiye anayamba kuchipanga m'zaka za m'ma 1950 atakhudzidwa ndi utsi wa mumzinda wa Los Angeles. Pofika 1975, galimoto zatsopano zambiri ku America zinkatuluka nacho. Kuno kwathu chinachedwa kukhala ndi phindu chifukwa petulo wathu ankakhala ndi mtovu, umene umapha makala. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika kumayambiriro kwa 2006. Ndiye kuti nthawi yomwe makala anayamba kutigwirira ntchito ndi yomwenso ife tayamba kuwagumula.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu akuwasaka chonchi? Yankho lili pamtengo wa zitsulo zija. Mu 2021 rhodium inakwera mpaka kudutsa madola 25,000 pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31 okha, kuposa golide kangapo konse. M'galimoto imodzi mumangokhala magalamu ochepa a zitsulo zonse zitatu, koma ogula akasonkhanitsa makala ambiri n'kuwatumiza kunja kukasungunula, amapha makwacha. Mbali yaikulu ya platinum ndi rhodium ya padziko lonse imakumbidwa ku South Africa, makamaka m'dera la Rustenburg. Kumeneko ndi komwe kuli Marikana, kumene apolisi anawombera ndi kupha ogwira ntchito mumgodi 34 pa 16 August 2012, pa sitiraka yofuna malipiro abwino. Chitsulo chimene anthu anachikumba ndi thukuta lotere, ife tikuchigumula ndi chitsulo cha matayala kuseri kwa galaja.

Makala amachoka m'njira zitatu. Ena amagulitsa okha, ngati mnyamata wanga uja. Ena amanyengedwa: apita kukakonzetsa mabuleki, n'kuuzidwa kuti "bwana, makala atsekeka, tiwachotse kwaulere." Ena amaberedwa osadziwa, mwina galimoto ikadali paulendo wochokera kudoko. Chitini amaching'amba, kukokolola zam'kati, n'kuwotchereranso bwinobwino. Mlimi amalandira galimoto yake akusekerera, osadziwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tinene zoona, pali pamene makala amatsekekadi. Injini ikamadya oilo, kapena mapulagi akafa n'kumalola petulo wosapsa kulowa mu ekizozi, chisa chija chimasungunuka kapena kutsekeka. Galimoto imafooka pachitunda ndipo nthawi zina imanunkha ngati dzira lovunda. N'zoonanso kuti galimoto za mpikisano zimapezako mphamvu pang'ono zikachotsedwa makala. Koma izo zimathamanga m'bwalo lotchingidwa, pomwe yathuyi imaima pa Santhe, pa Chatoloma ndi pa Nkhamenya, injini ikulira, amayi ogulitsa tomato ndi mandasi atakhala pansi kumbuyo kwake, mwana ali kumsana. Mphuno ya mwana wa Sitandade 1 woyenda m'mbali mwa msewu ili pafupi ndi ekizozi kuposa ya dalaivala.

Mwini galimoto nayenso sapulumuka. Galimoto zamakono zili ndi kachipangizo koyeza utsi kutsogolo ndi kumbuyo kwa makala. Akachotsedwa, nyali ya injini imayaka padashibodi osazimanso, ndipo tsiku limene vuto lenileni lidzabwere, mwiniwake sadzadziwa chifukwa anazolowera kuiona ili choyaka. Ngati powotcherera panatsala kabowo, utsi umalowa m'kati mwa galimoto. Taganizani Sienta yodzaza anthu, mawindo atatsekedwa chifukwa cha fumbi la msewu wa kumudzi. Kuwawa kwa mutu ndi tulo ta dalaivala sizichokera kukutopa kokha. Ndipo tsiku logulitsa galimotoyo, wogula wochenjera adzagwada, kuona zipsera, n'kutsitsa mtengo.

Alimi anzanga, pogula galimoto musangoyang'ana utoto ndi wailesi. Pitani ndi makaniko amene mumamukhulupirira, ayang'ane kunsi. Ngati pachitini pali mzere wowotcherera watsopano, funsani. Mverani kulira kwake: yopanda makala imalira mokweza ngati mgolo wopanda kanthu, ndipo utsi wake umaluma m'maso. Mukasiya galimoto kugalaja, jambulani kunsi kwake ndi foni makaniko akuona. Makala akatsekekadi, yambani mwakonza chimene chawapha, kenako ikani ena, ngakhale ogwiritsidwapo kale ntchito. Akale aja ndi anu, musawasiye pagalaja ngati zinyalala.

Mnyamata wanga uja ndinamuitana kusukulu Lachisanu lapitali. Tinaimika galimoto yake pafupi ndi ya mphunzitsi mnzanga imene makala ake alipo. Zonse zitalira kwa mphindi khumi, ana a Fomu 3 anadutsa kumbuyo kwa iliyonse mofulumira, ali chapatali. Palibe amene anafunika kumuuza kuti yochotsedwa makala ndi iti. Mtsikana wina amene mayi ake amagulitsa zitumbuwa pasiteji anamufunsa kuti: "Achimwene, ndalama munalandirayo, amayi anga munawagawirako?"

Anaseka pang'ono, koma sanayankhe. Potsanzikana anandifunsa mtengo wa makala ena. Ndinamuuza kuti akafufuze ku Lilongwe, ndipo akonzekere kulipira zambiri kuposa zimene analandira.