DAZI: KODI MWAMUNA ANGADZIWIRETU PAMENE LIDZALEKEZERA?

Kawiri-kawiri woyamba kuona dazi sakhala mwini mutu, koma wometa. Mnyamata wa zaka 25 akhala pa mpando, makina ayamba kulira, ndipo wometa anena moseka kuti paliwombo payamba kuwala. Anzake aseka, iyenso aseka nao, koma pofika kunyumba atenga magalasi awiri ndi kuyamba kudziyang'ana. Kucokera tsiku limenelo mtima sukhalanso pansi. Ena aganiza kuti atenga matenda a m'magazi, ena akuti alodzedwa, ndipo ambiri ataya ndalama pa mafuta a pa msika amene sathandiza kanthu. Akafika ku cipatala funso lao likhala limodzi-modzi: kodi tsitsili lidzatha lonse, nanga lidzatha liti?

Palibe dotolo amene angachule caka ceni-ceni. Komabe dazi liri ndi njira yake imene limatsata, ndipo munthu wodziwa njirayo angathe kuyerekeza bwino kumene mutu wake ukupita.

CIMENE CIMACITITSA DAZI

Pa mutu wa munthu wamkulu pali tsitsi pafupi-fupi 100,000. Tsitsi lirilonse limera m'kathumba kake kamene kali mkati mwa khungu. Limakula kwa zaka ziwiri kufikira zisanu ndi cimodzi, lipumula miyezi itatu, kenaka lithothoka ndipo lina limera pamalo pomwepo. Cotero kuthothoka kwa tsitsi 50 kufikira 100 pa tsiku ndi kwa munthu aliyense, ndipo sikutanthauza kuti dazi layamba.

Dazi limabwera pamene timatumba tija tayamba kufota. M'thupi la mwamuna muli homoni yochedwa testosterone, imene imameretsa ndebvu ndi kukulitsa mau. Gawo lina la homoni imeneyi limasanduka ina yamphamvu koposa yochedwa DHT. Mwa amuna amene anatengera dazi ku mtundu, timatumba ta patsogolo ndi ta paliwombo timafota tikakhudzidwa ndi DHT. Tsitsi latsopano lirilonse limera locepa thupi ndi lalifupi kuposa limene linathothoka, mpaka lisanduka ngati ubweya wa pa mkono, ndipo potsiriza silionekanso.

Izi zinadziwika mu 1942 pamene katswiri wa ku America, James Hamilton, anapeza kuti amuna amene anafulidwa asanakule sacita dazi. Koma ena mwa iwo atapatsidwa testosterone, aja amene ku mtundu kwao kunali dazi anayamba kutha tsitsi. Ndiye kuti pafunika zinthu ziwiri pamodzi, homoni ndi cibadwa. Mwamuna wadazi alibe homoni yocuruka kuposa anzake ai. Kusiyana kuli pa timatumba take.

MASITEJI ASANU NDI AWIRI

Hamilton yemweyo anajambula mayendedwe a dazi mu 1951, ndipo dotolo wina, O'Tar Norwood, anakonzanso zithunzizo mu 1975 atapima amuna 1,000. Madotolo akali kugwiritsa nchito muyeso umenewu mpaka lero.

Pa siteji 1 tsitsi liri lonse monga pa unyamata. Pa siteji 2 labwerera pang'ono m'mbali ziwiri za mphumi. Amuna ambiri amafika apa akapitirira zaka 20, ndipo ena amaima pomwepa moyo wao wonse, cotero siteji imeneyi siiwerengedwa ngati dazi leni-leni. Pa siteji 3 m'mbali muja mwalowa kwambiri, ndipo mzere wa tsitsi uoneka ngati cilembo ca M. Mwa ena kamalo kozungulira kayamba kuyera paliwombo. Apa ndi pamene madotolo amati dazi layamba.

Pa siteji 4 patsogolo ndi paliwombo payera ponse pawiri, koma pakati pali mzere wa tsitsi wocokera ku khutu lina kukafika ku linzake, ngati mlatho. Pa siteji 5 mlathowo wacepa. Pa siteji 6 waduka, ndipo malo awiri aja alumikizana. Pa siteji 7 tsitsi latsala m'mbali ndi kunkhongo kokha, ngati cilembo ca U. Pali amuna ena ocepa amene dazi lao limayenda mzere umodzi kucokera pa mphumi kunka kumbuyo, osayambira paliwombo.

Cofunika kudziwa ndi cakuti si onse amene amafika pa siteji 7. Ambiri amathera pa 3, 4 kapena 5. Tsitsi la kunkhongo ndi la m'mbali silimatha, cifukwa timatumba ta kumeneko sitimamva DHT.

ZINTHU ZINAI ZOTHANDIZA KUYEREKEZA

Coyamba ndi msinkhu umene dazi layambira. Ici ndiye cizindikiro cacikulu. Mnyamata amene wafika pa siteji 3 asanakwanitse zaka 25 ali ndi zaka zambiri kutsogolo zoti timatumba tipitirize kufota, ndipo nthawi zambiri dazi lake limadzakhala lalikulu. Bambo amene wayamba kuyera paliwombo ali ndi zaka 50 kawiri-kawiri amakalamba tsitsi lina likalipo pamwamba. Pakati pa azungu, amene ndiwo apimidwa kwambiri, amuna 30 mwa 100 alionse amakhala ndi dazi pofika zaka 30, theka pofika zaka 50, ndipo pafupi-fupi 80 mwa 100 pofika zaka 70. Pakati pa anthu akuda ndi a ku China kapena Japan dazi silicuruka motero, koma likayamba limatsata njira yofanana.

Caciwiri ndi mtundu. Kafuku-fuku wa mapasa waonetsa kuti mbali zinai mwa zisanu za nkhani ya dazi ndi zotengera kwa makolo. Anthu ena amati dazi licokera kucimuna kokha, ena amati kucikazi kokha. Zoona zake ndi zakuti licokera mbali zonse ziwiri. Kacigawo kamodzi kofunika kwambiri ka cibadwa kali pa chromosome X, imene mwana wamwamuna amalandira kwa amai ake, ndipo ndi cifukwa cake ndi bwino kuyang'ana mitu ya atsibweni ndi ya ambuye obala amai. Koma mwana wa bambo wadazi nayenso ali ndi mpata waukulu wocita dazi kuposa mwana wa bambo watsitsi. Wofuna kuyerekeza afunse kuti abale akewo anayamba ali ndi zaka zingati, ndipo anathera pa siteji iti. Zithunzi zakale za ukwati zimathandiza kwambiri pa nchito imeneyi.

Mu 2017 akatswiri a ku Edinburgh anapima cibadwa ca amuna oposa 52,000 a ku Britain ndipo anapeza malo 287 okhudzana ndi dazi. Ici ndico cifukwa cake ana a mimba imodzi angasiyane, wina dazi lowala, wina tsitsi lodzaza mutu. Ndico cifukwanso kupima magazi kapena malobvu sikungauze munthu mmodzi motsimikiza za tsogolo la mutu wake.

Cacitatu ndi liwiro limene dazi layenda nalo kale. Mwa amuna ambiri papita zaka 15 kufikira 25 kucokera pamene layambira mpaka pamene lathera, koma alipo ena amene tsitsi la pamwamba limawathera zaka zisanu zisanakwane. Dazi silimayenda mofanana caka ndi caka. Litha kuthamanga miyezi ingapo, ndi kuima zaka ziwiri, kenaka ndi kuyambanso. Galasi la tsiku ndi tsiku limanamiza, cifukwa maso amazolowera. Njira yabwino ndi kujambulitsa mutu ndi foni miyezi isanu ndi umodzi iriyonse, kutsogolo, m'mbali ndi pamwamba, pamalo amodzi-modzi owala bwino, tsitsi liri pa msinkhu wofanana. Pakatha zaka ziwiri zithunzizo zidzanena zoona. Amene wadumpha siteji yathunthu m'zaka ziwiri adziwe kuti lake ndi lothamanga.

Cacinai ndi maonekedwe a tsitsi limene likalipo. Dazi lisanaonekere, tsitsi la pamalopo limayamba kusiyana makulidwe, lina lonenepa, lina lopyapyala ndi lofewa. Dotolo amaona zimenezi ndi galasi lokulitsa, poyerekeza tsitsi la pamwamba ndi la kunkhongo. Malo onse amene tsitsi layamba kupyapyala ndiwo adzayera m'tsogolo. Cotero malire a dazi la mawa amaoneka lero kwa munthu woyang'anitsitsa.

SI KUTHA KWA TSITSI KONSE KUMENE KULI DAZI

Dazi la cibadwa limabwera pang'ono-pang'ono, silimayabwa, silimapweteka, ndipo khungu limakhala losalala. Zikasiyana ndi izi, munthu apite ku kiliniki msanga. Zigamba zozungulira zokhala ndi mfundu kapena mafinya kawiri-kawiri zimakhala zipere, makamaka mwa ana, ndipo zimafuna mankhwala akumwa. Tsitsi lothothoka apa ndi apo ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete lingakhale cizindikiro ca cindoko, cimene cimacizika ndi jekeseni. Kuthothoka kwa mutu wonse patapita miyezi iwiri kapena itatu munthu atadwala malungo aakulu, taifodi kapena atacitidwa opaleshoni kumatha kokha, ndipo tsitsi limabwerera. Kucepa kwa magazi, kusowa zakudya, matenda a cithokomiro, kacirombo ka HIV kosalandira mankhwala ndiponso mankhwala a khansa zonse zimapyapyalitsa tsitsi. Tiziphuphu tolimba ta kunkhongo, tofala mwa amuna akuda ometa kwambiri, timasiya zipsera zimene tsitsi silimeranso ngati munthu wacedwa kulandira thandizo.

Dazi palokha si matenda. Komabe kafuku-fuku wa madotolo aamuna oposa 22,000 a ku America, wofalitsidwa mu 2000, anapeza kuti a dazi lalikulu la paliwombo anali kudwala mtima kocuruka pang'ono kuposa anzao. Dazi silidwalitsa mtima, koma mwamuna amene layamba msanga acita bwino kupimitsa BP ndi shuga, ndi kuleka fodya.

KODI LINGAIMITSIDWE?

Mankhwala odziwika kuti amagwira nchito ndi awiri. Minoxidil ndi wodzola pa khungu la mutu, ndipo anabvomerezedwa ku America mu 1988. Finasteride ndi piritsi la tsiku ndi tsiku limene limacepetsa DHT, ndipo linabvomerezedwa pa nchito imeneyi mu 1997. Pa kuyesa kwa zaka zisanu, amuna 9 mwa 10 alionse akumwa finasteride sanaonjezere dazi, pamene atatu mwa anai alionse amene sanalandire mankhwala eni-eni anapitiriza kutha tsitsi.

Onse awiri amafuna miyezi inai kufikira isanu ndi umodzi kuti phindu lioneke, ndipo amateteza tsitsi limene lilipo koposa kubweza limene linapita kale. Pamalo pamene payera zaka zambiri sipameranso. Munthu akaleka, zimene anapindula zimatha caka cisanathe. Cotero asanayambe awerengere bwino thumba lake, cifukwa ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa zaka zambiri.

Finasteride asamwedwe popanda kuonana ndi dotolo. Mwa amuna ocepa amacepetsa cilakolako ndi mphamvu za m'banja, ndipo mwa ena amabweretsa kukhumudwa, ngakhale maganizo ofuna kudzipha. Woona zotere aleke ndi kubwerera ku cipatala. Mai wapakati asakhudze piritsi losweka, cifukwa lingaononge ziwalo za mwana wamwamuna ali m'mimba. Piritsili limatsitsanso zotsatira za kupima kwa PSA, ndiye wopimitsa prostate auze dotolo kuti akumwa. Mankhwala agulidwe ku famase yololedwa ndi bungwe la ZAMRA, osati m'basi kapena pa msika.

Pali ndi opaleshoni yocotsa timatumba kunkhongo ndi kutibzala patsogolo. Ndi yodula kwambiri, ndipo acinyamata amalangizidwa kudikira mpaka njira ya dazi lao itadziwika, cifukwa tsitsi lozungulira pobzalidwapo limapitiriza kutha.

ZIKHULUPIRIRO ZOFUNIKA KUSIYA

Cisote sicibweretsa dazi. Kumeta mpala sikulicititsa, ndiponso sikukulitsa tsitsi. Sopo, kusenza katundu ndi kuganiza kwambiri sindizo zimafotetsa timatumba. Mafuta a nsatsi, anyezi ndi adyo sizinaonetsedwe kuti zimaimitsa dazi la cibadwa, ndipo zina zimaocha khungu.

Mwambi wakuti dazi ndi cuma umanenedwa moseka, koma unafikapo poipa. Mu 2017 apolisi a ku Mozambique anacenjeza amuna adazi pambuyo pa kuphedwa kwa amuna angapo m'cigawo ca Zambezia, kuphatikizapo boma la Milange ku malire ndi Malawi, cifukwa ca bodza lakuti m'mutu wadazi muli golide. M'mutu wa munthu wadazi muli bongo ndi magazi monga mwa wina aliyense.

Amene wasankha kulisiya dazi kuti liyende njira yake sanalakwe, ndipo thanzi lake silicepa. Cimene ayenera kusamala ndi dzuwa, pakuti khungu la pamutu latsala pa mtunda. Abvale cisote ku munda, pa njinga ndi ku mpira, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November. Kwa acialubino ici ndi cofunika koposa. Cironda ca pa dazi cimene capitirira mwezi osapola cikaonetsedwe ku cipatala, ndipo ngati pafunika katswiri wa khungu, a pa kiliniki adzalemba kalata yotumiza wodwalayo ku cipatala cacikulu.