Linga la Fort Young ndi Mbiri ya Nsingo

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu akacoka mu mzinda wa Chipata ndi kuyenda makilomita pafupifupi 21 ca kumwera, m'dziko la Mfumu Yaikuru Mpezeni, afika pa malo a linga lakale la Fort Young. Amene apita kumeneko ndi ciyembekezo cakuona zipupa zazitali ndi mizinga abwerako wokhumudwa, pakuti zotsala n'zocepa. Komabe Boma linaika malowa pa mndandanda wa zikumbutso za dziko lathu, ndipo cifukwa cace ciyenera kudziwika m'mudzi uliwonse.

Lingali linamangidwa ndi kampani ya North Charterland, imene inadza kudzafuna golidi itagula cilolezo cimene Mjeremani wina, Carl Wiese, ananena kuti anacilandira kwa Mpezeni. Angoni, amene makolo ao anaoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anazindikira msanga kuti alendowa afuna dziko lomwe. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anatsogolera mabutho kuti awapitikitse.

Mu Januwale 1898 asilikari a Angerezi anafika kucokera ku Nyasalande ndi mfuti za ciwaya. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo mu Febuluwale Nsingo anagwidwa naomberedwa. Mpezeni anamtengera ku Fort Manning, kumene lero kuli Mchinji, ndipo atabwerera kwao anamwalira mu 1900. Boma la atsamunda linakhazikika pa Fort Jameson, dzina limene linasinthidwa kukhala Chipata dziko litalandira ufulu. Mwambo wa Nc'wala unazilala kufikira 1980, pamene unayambanso.

Maiko ena anasandutsa malinga otere kukhala nyumba zosungiramo zinthu zakale. Ku Mombasa, m'dziko la Kenya, kuli Fort Jesus, linga limene Apwitikizi anayamba kumanga mu 1593, pamene mfumu ya ku Spain inali kulamuliranso Portugal. Lero ana a sukulu alowamo kukaphunzira. Ku Maputo linga la Apwitikizi lisunga bokosi la maliro la Ngungunyane, mfumu ya ku Gaza imene inafera mu ukapolo ku zisumbu za Azores. Zotsala zace zinabwezedwa kwao mu 1985.

Kwathu kuno linga silinakhalitse cotero. Nchito yosunga mbiri ili m'manja mwa nyumba ya zinthu zakale ya Nsingo ku Feni, kumene mlendo aona zida za nkhondo, zobvala ndi ziwiya za Angoni. Nyumba imeneyi idalira anthu a m'midzi, cifukwa zambiri za makolo zikali m'nyumba zathu: mkondo wa agogo wotsomekedwa ku denga, cishango cimene ciswe cayamba kudya, ndi nkhani zimene nkhalamba imodzi yokha izidziwa.

Akale anati mau a akulu akoma akagonera, koma agonera pokhapo ngati wina anawamva nawasunga. Tsono nyakwawa, aphunzitsi ndi makolo acite mbali yao. Anyamata oweta ng'ombe aletsedwe kutentha thengo ndi kukumba mbewa pa malo a cikumbutso. Ana otha kulemba akhale pansi ndi agogo ao madzulo ndi kulemba zimene amva, maina a midzi ndi a mabutho omwe. Ndipo amene ali ndi cinthu ca makedzana asacigulitse kwa anthu odutsa pa mtengo wa mcere. Akauze mfumu yao, kuti cikasungidwe kumene zidzukulu zidzacione.