Kodi tigule flash cache ya laputopu?

Ambirife malaputopu athu ndi akaunjika ndipo amachedwa kuyaka. Ena amati tiikemo kachipangizo ka flash cache, kapena kofanana nako monga Intel Optane. Kameneka kamasunga mafayilo amene timatsegula kawirikawiri kuti azituluka msanga. Kamathandizadi, koma sikalowa mu laputopu iliyonse, ndipo Intel inalengeza mu 2022 kuti ikusiya Optane.

Chovuta kwambiri n'chakuti hard disk imatsala momwemo. Mkati mwake muli kambale kozungulira, kosafuna kugwedezeka. Tikamadutsa m'minda ya tiyi ya ku Makwasa pa kabaza, laputopu ili m'chikwama tisanaizimitse bwino, bampu limodzi lingatitayitse masikimu a teremu yonse. Ndalamayo bola tionjezere tigule SSD. Ilibe chozungulira, imafulumizitsa zonse, ndipo batire imakhalitsako magetsi akazima.