Petulo Wosakumbidwa Pansi

Chiyambire 1973, pamene mtengo wa mafuta unakwera kanayi m'miyezi yowerengeka, anthu akhala akulota za tsiku limene galimoto idzayendera petulo wopangidwa m'fakitale, osati wokumbidwa pansi pa nthaka. Ife tikuti malotowa si achabe, komanso si atsopano.

M'chaka cha 1925, Franz Fischer ndi Hans Tropsch a ku Germany anapeza njira yosandutsira malasha kukhala mafuta, ndipo kampani ya Sasol inayamba kuigwiritsa ntchito ku Sasolburg, m'dziko la South Africa, mu 1955. Koma malasha nawonso ndi okumba, ndipo utsi wake ndi wochuluka zedi.

Chimene chautsanso nkhaniyi ndi fakitale ya Haru Oni, pafupi ndi Punta Arenas kum'mwera kwa dziko la Chile, imene inatsegulidwa mu December 2022 ndi chithandizo cha kampani ya Porsche. Kumeneko kumaomba mphepo yamphamvu pafupifupi chaka chonse. Mphepoyo imazunguza makina opangira magetsi, ndipo magetsiwo amatulutsa mpweya wa haidrojeni m'madzi. Mpweyawu amausakaniza ndi mpweya wa kaboni n'kupanga methanol, amene pambuyo pake amayengedwa kukhala petulo. Ubwino wake ndi wakuti injini siifunika kusinthidwa. Lole yakale ingathe kumwa petuloyu bwinobwino.

Komabe tiyenera kuuza awerengi athu mosabisa kuti mafutawa sachokera m'malere. Pa sitepe iliyonse mphamvu ina imatayika, kotero kuti magetsi omwewo, ataikidwa m'batire ya galimoto yamagetsi, angayendetse mtunda wotalika kangapo. Ndiponso fakitaleyi inakonzedwa kuti poyamba izitulutsa malita 130,000 pa chaka, mafuta amene magalimoto anayi okha onyamula petulo angathe kuwasenza. Tikaganiza za magalimoto miyandamiyanda a dziko lapansi, amenewa ndi madzi a m'chikho. Pamene magetsi ali operewera ngakhale ounikira m'nyumba, kuwasandutsa petulo n'kuyamba ndi denga maziko asanakumbidwe.

Kuno kwathu tinatsata njira yapafupi. Mu 1982 fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, ndipo ankamusakaniza ndi petulo wochokera kunja. Sanalowe m'malo mwa petulo yense ayi, koma lita iliyonse yotuluka kumeneko inachepetsa ndalama zakunja zogulira mafuta, pa nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira za ku Beira ndi Nacala.