MANKHWALA OFOOKETSA CHITETEZO CHA M'THUPI: ZIMENE MAI AYENERA KUDZIWA ASANAIME

Masiku ano m'midzi ina muli anthu amene anabwerako ku chipatala chachikulu, kapenanso ku India, atapatsidwa mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Ena ndiwo amene anawaika impso ya mbale wao popeza impso zao zinaleka kugwira nchito. Ena adwala nthenda yochedwa lupus. Ambiri mwa iwo ndi anamwali ndi amai a msinkhu wakubala. Pakati pa mankhwala amene odwalawa alandira pali ena dzina lake mycophenolate, amene pa bokosi alembedwanso kuti CellCept kapena Myfortic. Mankhwala amenewa apulumutsa moyo wa mwini wake, koma akhoza kuononga mwana amene ali m'mimba. Chifukwa chake mai wakumwa mankhwalawa ayenera kupangana ndi dotolo za mimba asanaime.

Nchito ya mankhwalawa

M'magazi a munthu ali yense muli asilikari amene nchito yao ndiyo kumenyana ndi tizilombo toyambitsa matenda. Asilikariwa ali ngati alonda a pamudzi: chili chonse chachilendo achiyesa mdani. Tsono munthu akamuika impso ya wina, asilikari aja ayamba kuiononga, ngakhale yachokera kwa mlongo wake weniweni. Pa nthenda ya lupus, asilikari asokonezeka nayamba kumenya thupi la mwini wake lomwe: khungu, mfundo za mafupa, ndipo kawirikawiri impso. Mwa odwala lupus 10 ali onse, pafupifupi 9 ndi akazi. Dzina la nthendayi lisasokonezedwe ndi lupu, chija aika m'chiberekero polera.

Mycophenolate aletsa asilikari aja kuswana, kotero kuti nkhondo yao icheperako ndipo impso ikhala bwino. Uku ndi kufooketsa chitetezo mwadala ndi mwa muyeso. Wakumwa mankhwalawa sikuti ali ndi kachilombo ka HIV iai.

M'mene mwana aonongekera

Mankhwala amene mai amwa afikanso kwa mwana kudzera m'magazi. Ziwalo za mwana ziumbika m'miyezi 2 yoyamba ya mimba. M'masiku amenewo ndi pamene mtima upangika, mlomo ulumikizana, ndipo makutu ndi zala zioneka. Nthawi imeneyi mimba sioneka, ndipo kawirikawiri mai mwini wake angoyesa kuti wadumpha mwezi chabe. Ndiponso mwambo wa m'midzi yambiri ndi wakuti mimba yaing'ono siululidwa. Pamene mai apita ku sikelo mimba ili ya miyezi 4 kapena 5, choonongeka chinaonongeka kale.

Madotolo a ku Ulaya anawerenga zimene zinaoneka kwa amai amene anaima alikumwa mycophenolate. Pa mimba 100 zili zonse, 45 kufikira 49 zinapita padera. Kwa amai oikidwa chiwalo amene anali kumwa mankhwala a mtundu wina, zopita padera zinali 12 kufikira 33. Pa ana 100 obadwa amoyo, 23 kufikira 27 anabadwa ndi chilema, pamene mwa anthu onse ana obadwa ndi chilema ali 2 kapena 3 okha pa 100.

Chilema chooneka kawirikawiri ndi cha makutu: khutu laling'ono lopindika, kapena lopanda bowo, kapena kusowa khutu kumene. Ena abadwa ndi mlomo wong'ambika kapena kumwamba kwa m'kamwa kong'ambika. Ena abadwa ndi vuto la mtima, la kummero, la impso, la msana kapena la zala.

M'mene choopsachi chinadziwikira

Mankhwalawa analoledwa ku America m'chaka cha 1995. Koma kuyambira 1991, mu mzinda wa Philadelphia munali kale kaundula wolembamo mimba za amai oikidwa impso ndi ziwalo zina. Madotolo analemba m'menemo mankhwala amene mai anamwa ndi m'mene mwana anabadwira. Kuchokera m'kaundula ameneyu, pamodzi ndi malipoti ena, kunaoneka kuti ana ambiri a makutu opunduka anabadwa kwa amai akumwa mankhwala amodzimodzi. M'chaka cha 2007 Boma la America linakhwimitsa chenjezo lake. Mu 2012 linakhazikitsa dongosolo lophunzitsa madotolo ndi odwala za choopsachi. Ndipo mu 2015 maiko a ku Ulaya analamula kuti mai wapakati asapatsidwe mankhwalawa pokhapokha palibiretu ena osunga chiwalo chake.

Kuchenjera kotere maiko anakuphunzira movutika. Pakati pa 1957 ndi 1961 mankhwala ochedwa thalidomide anagulitsidwa m'maiko ambiri, ndipo ana oposa 10,000 anabadwa ndi manja kapena miyendo yopunduka anthu asanazindikire chifukwa chake. M'Malawi muno nchito yolandira malipoti a zovuta zobwera ndi mankhwala ili m'manja mwa bungwe la Boma la PMRA.

Malamulo a mai wakumwa mankhwalawa

1. Asanayambe kumwa, ayesedwe ngati ali ndi pakati. Kuyesa kukhale kawiri, kachiwiri patapita masiku 8 kufikira 10, popeza mimba ya masiku ochepa siyamba yaoneka pa kuyesa koyamba.

2. Ayambe kulera asanamwe piritsi loyamba, alere nthawi yonse imene alikumwa, ndipo apitirize masabata 6 atasiya.

3. Njira zolimba koposa ndizo lupu, kutseka kwa mai, kapena kutseka kwa bambo. Wakumwa mapiritsi olera aonjezepo kondomu, chifukwa mycophenolate akhoza kuchepetsa mphamvu ya mapiritsiwo. Ndiponso mankhwalawa atsegula m'mimba kapena kusanzitsa anthu ena, ndipo piritsi lolera likhoza kutuluka lisanagwire nchito. Kuwerenga masiku a mwezi sikukwanira.

4. Kondomu ikang'ambika, kapena mapiritsi olera akaiwalika, apite msanga ku chipatala akanene, kuti amthandize ndi kumuyesanso.

5. Asayamwitse mwana alikumwa mankhwalawa.

6. Asapereke magazi alikumwa, kufikira patapita masabata 6 atasiya.

7. Asagawireko munthu wina mankhwalawa, ngakhale matenda aoneke ofanana. Mapiritsiwa samasinja ndipo makapisozi samatsegula. Makamaka mai wapakati wosamalira wodwala asakhudze ufa wake.

Mwamuna wakumwa mankhwalawa

Zimene zalembedwa kufikira tsopano sizionetsa kuti ana a bambo wakumwa mycophenolate abadwa ndi zilema koposa ana ena. Komabe, pofuna kuchenjera, madotolo a ku Ulaya alangiza kuti iye kapena mkazi wake alere nthawi imene alikumwa ndi masiku 90 atasiya. Banja lotere likafuna mwana, liyambe lakambirana ndi dotolo. Bamboyo asasiye yekha mankhwala.

Kuyesa magazi

Asilikari a m'magazi akachepa kopitirira muyeso, matenda ang'onoang'ono akhala oopsa. Chifukwa chake magazi ayesedwa sabata ili yonse m'mwezi woyamba, kawiri pa mwezi m'mwezi wachiwiri ndi wachitatu, ndipo pambuyo pake kamodzi pa mwezi kufikira chaka chithe. Ulendo wa ku chipatala ndi wautali ndipo udya ndalama, koma magazi ndiwo auza dotolo ngati muyeso wa mankhwala uli bwino, munthu asanayambe kumva kudwala. Wodwala akatentha thupi, akamva zilonda kukhosi, akakhala ndi chifuwa chosatha, kapena akaona magazi akukha popanda chifukwa, asadikire tsiku lolembedwa pa khadi. Ndiponso asanalandire katemera ali yense anene mankhwala amene alikumwa, chifukwa akatemera ena sayenera munthu wa chitetezo chofooka.

Wofuna mwana achite chiani?

Mai woikidwa impso kapena wodwala lupus sanaletsedwe kubala. Mwana woyamba wa mai woikidwa impso anabadwa ku America m'chaka cha 1958, ndipo chiyambire pamenepo abadwa ana zikwi zambiri. Chofunika ndi nthawi yake ndi mankhwala ake.

Woikidwa impso alangizidwa kudikira chaka chimodzi kapena ziwiri, kufikira impso itakhazikika. Wodwala lupus adikira kuti nthenda ikhale itagona miyezi 6. Pamenepo dotolo achotsa mycophenolate naikapo mankhwala ena ogwirizana ndi mimba, monga azathioprine. Mai apitirizabe kulera masabata 6 kapena kuposapo. Madotolo ambiri adikira miyezi 3 kuti aone ngati impso ikhala bwino ndi mankhwala atsopanowo. Dotolo akakhutira, ndi pamene mai aleka kulera. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Palinso mankhwala ena ofooketsa chitetezo amene aononga mwana, monga methotrexate ndi cyclophosphamide. Wakumwa amenewa afunsenso malamulo ake.

Mimba ikadza mosayembekezeka

Mai akadumpha mwezi, kapena akangokaika, apite ku chipatala tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, atatenga bokosi la mankhwala ndi khadi lake. Asataye mankhwala yekha asanaonane ndi dotolo. Kusiya mwadzidzidzi kukhoza kudzutsa asilikari aja, impso n'kuonongeka, ndipo mai n'kubwerera pa makina osefa magazi, amene apezeka m'zipatala zowerengeka monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Impso ya mai ikafa, moyo wa mwana nawonso uli pangozi. Dotolo ndiye adziwa kusintha mankhwala msanga popanda kusiya impso pambalambanda, ndipo adzakonza zakuti mwana aunikidwe ndi makina. Mai asataye mtima: mwa ana 4 obadwa motere, pafupifupi 3 abadwa opanda chilema. Zimene zaoneka zilembedwe, kuti amai a m'tsogolo athandizidwe monga a lero athandizidwa ndi zolembedwa kale.

Mau kwa abale ndi aphunzitsi

Kawirikawiri wokakamiza mkazi kuima msanga ndi mwamuna wake, apongozi kapena ankhoswe, amene aona chaka chilikutha pakhomo palibe mwana. Anthu amenewa ayenera kumva kuti mkaziyo si wouma, ndipo sakana banja. Alikudikira nthawi imene mwana adzabadwa bwino, mai wake nakhala ndi moyo wakumlera. Nkwabwino kuti mwamuna aperekeze mkazi wake kwa dotolo akadzimvere yekha. Mwana akabadwa ndi chilema cha khutu kapena cha mlomo, pasakhale kulozana zala za ufiti kapena za chigololo. Mlomo wong'ambika usokedwa ku chipatala.

Aphunzitsi, mafumu ndi alangizi a zaumoyo apemphedwa kuwerengera nkhaniyi anthu amene sadziwa kuwerenga, makamaka m'mabanja m'mene muli wakumwa mankhwalawa. Mwambo wosaulula mimba yaing'ono usungidwe kwa anthu a pamudzi, koma dotolo ndi namwino auzidwe msanga.